Kabotolo ka agogo

Msuweni wanga akafuna kuwerenga meseji pa foni, amayamba watsinzina diso lakumanzere. Anzake a kabaza pa siteji amamunena kuti akutsinzinira atsikana odutsa, iye n'kumaseka nawo. Koma mukamuyang'anitsitsa padzuwa, pakati pa disolo pali kachipsera koyera, kakang'ono ngati njere ya mapira. Pa kachipsera kameneko ine ndili ndi mlandu. Ndine ndinagwira kabotolo, ndine ndinamuuza kuti ayang'ane kudenga, ndipo zonsezo ndinachita ndi mtima wabwino kwambiri.

Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba. Koma sabata yatha, ndili mu minibasi yochokera pa boma, mayi wina anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kudontheza mwana wake m'maso, kenako n'kupatsira mnzake amene anakhala naye pampando kuti nayenso athire. Mtima wanga unagunda ngati ndaona njoka. Sindinalankhule kanthu. Ndinatsika pa Bembeke ndili ndi manyazi, ndiye ndati bola ndilembe.

Kwathu ndi kumapiri kuno ku Dedza, chakumtunda kwa Bembeke, kumene mu Juni madzi a m'ndowa amaluma zala ndipo chifunga chimatha kukhala mpaka dzuwa litakwera. Ndiye agogo atayamba kudandaula kuti kunja kwachita chifunga, poyamba palibe anadabwa. Tinadzadabwa pamene ananena zomwezo mu Okutobala masana, dzuwa likuswa mtengo. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kupita kudimba. Posankha nyemba ankataya nyemba n'kusiya miyala. Munthu akafika pakhomo ankadikira amve mawu kaye, ndiye n'kumulonjera. Inali ng'ala, maso onse awiri, koma lakumanja ndiye linali litatheratu.

Ng'ala si ufiti. M'kati mwa diso muli kagalasi kamene kuwala kumadutsamo, ndipo ukalamba ukafika kagalasiko kamachita mbuu ngati pepala la pulasitiki lakale. Padziko lonse palibe matenda amene amachititsa anthu ambiri khungu kuposa ng'ala, chonsecho imachizika. Madokotala amachotsa kagalasi kothako n'kuikamo kena kochita kupanga, ntchito ya mphindi zowerengeka. Kuno mwayi tili nawo, poti Nkhoma, chipatala chimene chinatchuka ndi maso kuyambira kale, si patali kwenikweni, ndipo ku Lilongwe nako kuli chipatala cha maso. Vuto linali agogo eni ake. Iwo anamva kuti kuchipatala amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi. Zinatitengera zaka ziwiri kuwanyengerera.

Mu Julayi 2023 anavomera, ndipo gadiyani ndinali ine.

Tsiku lomatula bandeji sindidzaliiwala. Agogo anaphethira kangapo, misozi ikutsika, n'kuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinkayembekezera kuti ayamba kuthokoza Mulungu. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana iwe, kani umavala thalauza?"

Wodi yonse inaseka chikhakhali.

Kenako kunabwera anesi ndi thireyi ya timabotolo. Anali mayi wamfupi, wosasekaseka. Chimene ndinaona choyamba n'chakuti akamaliza ndi wodwala mmodzi ankapita pa sinki, kusamba ndi sopo, kupukuta, ndiye n'kugwira wina. Bedi ndi bedi, chimodzimodzi. Ine mumtima ndinkati eee, koma mayi awa akudzionetsera, manja omwewo ayera kale. Atafika pa agogo anatenga kabotolo katsopano, n'kumatapo pulasitala, n'kulembapo dzina la agogo ndi deti la tsikulo. Ndiye anandikodola.

"Achemwali, kunyumba nesi ndinu. Onetsetsani."

Anandiphunzitsa zonse. Usanagwire botolo, samba ndi sopo. Wodwala ayang'ane kumwamba, iwe ukokere chikope chapansi kuti pakhale kathumba. Dontho limodzi basi, chifukwa diso silisunga zoposa pamenepo, lachiwiri limangotsikira patsaya. Nsonga ya botolo ikhale m'malere, isakhudze diso, nsidze, ngakhale chala chako chomwe. Chivindikiro usachigoneke paliponse. Dontho likalowa atseke diso, iwe udinikize pang'ono pakona pafupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kuti mankhwala asathawire kukhosi. Ngati pali mankhwala a mitundu iwiri, pakati pake papite mphindi 5, ndipo opaka a m'kachubu akhale omaliza.

"Ndipo botolo mukalitsegula, masiku 28 akakwana, tayani. Ngakhale atsalemo."

Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Mawu oti "ngakhale atsalemo" ndinawamva bwinobwino. Kungoti analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Masana omwewo, tikudikira kutulutsidwa, panachitika kanthu. Pa bedi loyandikana nafe panali gogo wina wochokera kutsidya kwa malire, ku Angónia. Mdzukulu wake anagwetsa kabotolo kosatseka, mankhwala n'kutayikira pansi. Kamtsikanako kanayamba kulira kuopa kukalipiridwa. Agogo sanachedwe.

"Tawathira athuwa. Si amodzimodzi?"

Analidi amodzimodzi, dzina lake ngakhale mtundu wa chivindikiro. Ndinadzuka nako kabotolo kathu, ndipo ndinali nditawerama kale pa nkhope ya gogo uja pamene mawu anamveka kuchokera kukhomo.

"Achemwali! Imani pomwepo."

Anesi aja sanakalipe. Anangondifunsa kuti pa pulasitala palembedwa dzina la ndani. Kenako anafotokoza kuti diso limene langochitidwa opaleshoni lili ndi bala, ndipo pabala ndi pamene matenda amalowera. Nsonga ya botolo ikangokhudza chikope cha munthu imatola tizilombo timene munthuyo ali nato, ndipo ukasiya kufinya, botolo limakoka mpweya n'kumeza tizilomboto. Mawa lake umatidontheza wekha m'diso la wodwala wako. Tikalowa m'kati mwa diso la opaleshoni, masiku awiri okha ndi okwanira kuliononga. N'chifukwa chake m'wodi aliyense amakhala ndi kake, kolembedwa dzina. Atatero anapita kukatengera gogo uja kabotolo kena katsopano.

Atangotuluka, agogo ananong'ona. "Anthu ophunzirawa, kuumira."

Musawaseke agogo. Ine ndinakulira m'manja mwawo ndipo ndikudziwa chimene ankatanthauza. Kwathu moto umapala kwa mnzako. Mchere, sefa, mtondo, khasu, ngakhale jekete ya ukwati, zonse zimayenda khomo ndi khomo. Munthu amene ali ndi chinthu n'kumana mnzake wovutika amapatsidwa maina, ndipo tsiku lomugwera zovuta anthu amakumbuka. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu, ndipo agogo moyo wawo wonse akhala akuika. Ana amasiye amene anadyera pakhomo pawo ndi ambiri, mmodzi wa iwo ndine. Ndiye kuwauza kuti pali chinthu chothandiza chimene sayenera kugawira mnzawo kunali ngati kuwauza kuti asiye umunthu.

Kunyumba masabata oyamba ndinachita zonse mwa ndondomeko. Titapita kukaonetsanso diso mu Ogasiti anatipatsa kabotolo kachiwiri koti timalizire. Koma diso linali litawala. Agogo anali atabwerera kudimba, akupalira kachewere, akuloza phiri la Dedza ngati alitulukira okha. Kachiwiriko tinakagwiritsa ntchito sabata imodzi, ine n'kubwerera ku koleji ku Lilongwe, iwo n'kuti "tisungeko, za mawa sizidziwika." Kanalowa m'chitini chakale cha mkaka, momwe mumakhala buku la kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi khadi la ku mpingo. M'chitini chimenecho simulowa zinthu wamba.

Mbiri inafala. Mankhwala amene anatsegula maso a gogo wosaona angalephere bwanji diso longoyabwa ndi utsi wa kukhitchini? Anthu anayamba kubwera. "Odi agogo, tithandizeniko kadontho." Ndipo kunena zoona, ukaganiza ulendo wa ku chipatala chaching'ono, maola awiri wapansi, mzere wautali, mwinanso n'kukauzidwa kuti mankhwala atha mukagule ku famase, kadontho ka agogo kankaoneka ngati chisomo. Njira ina inali kudikira tsiku la msika, kumene timabotolo ta mankhwala a m'maso timayalidwa pa chiguduli padzuwa, pakati pa mabatire ndi mankhwala a makoswe. Poyerekeza ndi amenewo, athu anali ochokera m'manja mwa dokotala.

Mu Febuluwale 2024 tinamva pa wailesi kuti ku Karonga kwabuka matenda a maso ofiira, aja tonse tinangowatchula kuti pink eye. Anali atavuta kale ku Tanzania, ndipo posakhalitsa anatsika ndi msewu kufalikira m'maboma ambiri. Mukukumbuka mmene magalasi akuda anayendera malonda. Mukukumbukanso zimene zinkayenda m'magulupu a WhatsApp: thirani mkodzo wa m'mawa, thirani mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a mchere, msuzi wa masamba akutiakuti.

Ine ndinali patsogolo kulimbana nazo zimenezo. Pa gulupu ya kumudzi ndinkalemba ndime zitalizitali. Ndinkawauza kuti mkodzo wa munthu wodwala chinzonono ungathe kuboola diso m'masiku ochepa. Ndinkawauza za kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1990, amene anapeza kuti mwa odwala atatu alionse obwera ndi chilonda pa galasi la diso, pafupifupi mmodzi anali atathira kale mankhwala achikuda. Zonsezo zinali zoona. Ndipo nditamaliza koleji n'kubwera kudzadikirira ntchito kumudzi mu Epulo, n'kupeza anthu pakhonde pathu akudikira kadontho, ndinanyadira. Ndinati bola kwathu kuno tikugwiritsa ntchito mankhwala enieni a kuchipatala. Ndinawalanda agogo ntchitoyo, poti wophunzitsidwa ndinali ine.

Tangoganizani. Kabotolo kamodzi, kotsegulidwa mu Ogasiti chaka chapitacho, kakuyenda diso ndi diso. Ana akuphethira, akupotoza mutu, nsonga ikugunda nsidze. M'manja ndinkasamba poyamba pokha, osati pakati pa munthu ndi munthu, nanga madzi a kwathu m'mawa simukuwadziwa? Sindinkadziwa kuti pink eye ija inali ya vayirasi, amene maantibayotiki samugwira, ndipo kawirikawiri imatha yokha pakapita sabata imodzi kapena masabata awiri. Anthu akachira ankathokoza kabotolo. Amene anabwera ndi diso longolowa fumbi n'kudzadzuka patatha masiku angapo zikope zitamatana ndi manthongo, palibe anaganiza kuti matendawo mwina anawatengera pakhonde pathu, m'manja mwanga. Pakhomo pathu tonse tinadwala, agogo omwe, ndi diso lawo latsopano lija. Mulungu anangotikomera mtima kuti linachira.

Kumayambiriro kwa Meyi anthu anali kalikiliki kudula chimanga ndi kuimika mikukwe. Msuweni wanga, mwana wa amalume, tsiku limenelo anasiya njinga n'kupita kukathandiza kumunda. Madzulo anafika kwathu atagwira diso, misozi ili chuchuchu.

"Msuweni, tsamba la chimanga landikwapula m'diso."

"Aaa iwe, ndi pink eye imeneyo. Mudzi wonse uli choncho. Takhala apa."

Anandiuza yekha chimene chinachitika, ine osamva. Ndinamuthira madzulo amenewo, mawa lake katatu, mkuja wake katatu. Ndipo diso linayeradi. Kufiira kunachepa, ululu unazizira, iye n'kubwerera pa siteji akuuza anzake kuti msuweni wake ndi dokotala. Tsiku lachisanu sanatuluke m'nyumba. Tinamupeza atatseka mawindo, atafunda bulangete kumutu, akuti kuwala kukumubaya mpaka mu ubongo. Nditamutsegula chikope n'kuunika ndi tochi ya foni, ndinaona kadontho koyera pakati pa diso, pakuda paja.

Tsiku limenelo munthu wonyamula anzake ananyamulidwa. Mnzake wa kabaza anatikweza tonse awiri mpaka pa boma.

M'chipinda cha maso tinapeza adokotala achinyamata, a clinical officer aja ophunzira za maso. Anasamba m'manja. Anang'amba kapaketi n'kutulutsa kapepala kokhala ndi utoto wa olenji kunsonga, n'kukanyowetsa, n'kukhudzitsa m'kati mwa chikope, kapepalako n'kuponya m'bini. Atawalitsa nyali ya buluu, chilonda chinaoneka chobiriwira, chachikulu kuposa mmene ndinachionera ndi foni.

"Munathiramo chiyani?"

"Palibe," ndinatero. Msuweni anakhala chete, akundibisira.

Adokotala anandiyang'ana kanthawi osalankhula.

"Achemwali, ine si wapolisi. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikulimbana nacho."

Kabotolo kanali m'chikwama mwanga. Ndinakatulutsa. Pulasitala inali itada koma zolemba zinkawerengeka: dzina la agogo, ndi deti la mu Ogasiti 2023. Adokotala anawerenga miyezi pa zala mpaka 9. Kenako anatembenuza botolo n'kundilozera liwu limene ndinali ndisanalilabadirepo: dexamethasone.

Anafotokoza modekha, ndipo kudekhako ndi kumene kunandipweteka. M'mankhwala a agogo munali zinthu ziwiri, antibayotiki ndi steroid wochepetsa kutupa. Kwa munthu amene wachitidwa opaleshoni ya ng'ala ndi mankhwala oyenera. Koma tsamba louma likakanda galasi la diso limatha kusiyamo chuku, chonga chija chimamera pa chimanga chosungidwa chisanaume. Antibayotiki sapha chuku. Steroid ndiye amagoneka asilikali a m'thupi amene akanalimbana nacho. Diso limayera, ululu umachepa, iwe n'kumati wachira, pamene chilonda chikudya mwakachetechete.

"Kuli ngati kumanga galu pakamwa wakuba ali m'nyumba," anatero. "Phokoso latha, koma katundu akupita."

Anawonjeza kuti mankhwala a steroid ukamathira nthawi yaitali popanda dokotala amathanso kukweza mphamvu ya madzi m'diso n'kuononga mtsempha woonera, ndiponso kuyambitsa ng'ala yomweyo. Nanga botolo lenilenilo? M'mabotolo ambiri a fakitale amaikamo mankhwala oteteza kuti tizilombo tisaswane, koma chitetezocho chili ndi malire, n'chifukwa chake amati masiku 28. Deti limene amadinda pa botolo ndi la botolo losatsegula. Ine miyezi yonseyo ndinkayang'ana deti limenelo n'kumadzilimbitsa mtima kuti mankhwala sanaguge.

Ndinafunsa funso limene linali pakhosi: ndikanapanda kumuthira, akanachira bwino? Anati chilonda cha tsamba la chimanga chimavuta ngakhale munthu abwere msanga, koma masiku asanu amenewo ndi mankhwala amenewo sizinatithandize. Kabotolo sanandibwezere.

Anatitumiza ku Lilongwe, ndipo gadiyani ndinalinso ine. Masiku oyamba mankhwala ankafunika ola lililonse, usana ndi usiku. Ndinatchera alamu pa foni. Ikalira 2 koloko usiku ndinkadzuka, kupita pa mpopi, sopo, kubwera, dontho limodzi, kutseka, kugona. Ikalira 3 koloko, chimodzimodzi. Palibe ola limene ndinajomba kusamba. Ndipo ndinayamba kuona ndi maso ena zinthu zimene chaka chapitacho ndinkaziyesa zodzionetsera. Thonje limodzi, diso limodzi, n'kutaya. Makina oyezera maso kupukutidwa pamene chibwano ndi mphumi zimatsamira, wina asanakhalepo. Dzina ndi deti pa kabotolo kalikonse. Ntchito zazing'ono, zotopetsa, zobwerezabwereza, zimene palibe amaziombera m'manja, koma ndi zimene zimaletsa kuti chilonda cha bedi ili chisasamukire pa bedi ilo.

Kumudzi amalume anagulitsa matumba a kachewere asanakwere mtengo kuti tipeze zoyendera ndi chakudya. Njinga inali ya bwana, ndipo bwana sanadikire, anapatsa mnyamata wina. Amalume sanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi. Akandiimbira ankangoti, "Mukumusamala bwino mbale wanuyo, zikomo." Bola akanandikalipira.

Pakati pa alamu ndi alamu tulo sitinkabwera, ndiye ndinkawerenga pa foni. Ndinapeza nkhani ya ku America ya 2023. Mankhwala a maso ouma otchedwa EzriCare Artificial Tears, opangidwa ku India, ogulitsidwa popanda kalata ya dokotala, anapezeka ndi bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa, wa mtundu wosamva maantibayotiki ambiri. Pofika mu Meyi chaka chimenecho, bungwe la CDC linali litawerenga anthu 81 m'zigawo 18 za dzikolo. Mwa iwo 14 anataya mphamvu ya kuona, 4 anachotsedwa diso, 4 anamwalira. Mabotolo amenewo anali otsegula n'kumathira masiku ambiri, koma analibe mankhwala oteteza aja. Ndinazimitsa foni. Kumeneko vuto linayambira ku fakitale, kwathu linayambira pakhonde, koma kabotolo n'komweko: timadzi tochepa totsekeredwa, timene tizilombo tikalowamo tapeza nyumba, ndipo njira yake yotulukira ndi imodzi, kulunjika m'diso.

Patatha masabata atatu chilonda chinapola. Diso linapulumuka, koma pamene panali chilonda panatsala chipsera, ndipo chili pa njira yeniyeni ya kuwala. Anapeza njinga ina, ndipo masana amayendetsa bwinobwino. Usiku, nyali za malole a pa M1 zikamuwalira, diso lakumanzere limangoona kuyera kokhakokha, ndiye dzuwa likamalowa amaweruka. Aliyense wodziwa kabaza akudziwa kuti ndalama yabwino ili madzulo, anthu akamatsika minibasi ndi katundu. Imeneyo inapita.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ine ndi amene ndinkanyoza a mkodzo ndi a masamba. Ndinkaganiza kuti kusiyana kwathu ndi botolo. Pano ndikuona kuti mankhwala a kuchipatala amakhala mankhwala chifukwa wina anayeza diso ili, la munthu uyu, n'kunena kuti thira awa, kangati patsiku, mpaka liti. Ukachotsapo zimenezo, chotsala ndi madzi amene sukuwadziwa, ndipo wothirayo sasiyana ndi wofinya masamba. Mwinanso amaposa kuopsa, chifukwa anthu samukayikira. Ine ankandikhulupirira chifukwa cha sukulu.

Maso ofiira si amodzi. Adokotala a pa boma aja anandiuza zizindikiro zimene munthu sayenera kugona nazo kunyumba: diso lobayidwa kapena kukandidwa, ululu weniweni osati kungoyabwa, kuopa kuwala, kuona mwachimbuuzi, kadontho koyera pakuda pa diso, ndi khanda lobadwa kumene lotuluka mafinya m'maso. Msuweni anali ndi choyambacho tsiku loyamba lomwe, ndipo anachinena ndi pakamwa pake.

Sikuti ndife anthu osamva pa nkhani ya maso. Mu Seputembala 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti dziko la Malawi lathana ndi trachoma, matenda aja ankapindira nsidze m'kati n'kumakanda diso mpaka khungu, ndipo tinali oyamba kutero kummwera kwa Africa kuno. Mbali ina ya ntchitoyo inali mankhwala ndi maopaleshoni, koma ina inali ya pakhomo: kusukusula ana kumaso ndi kukumba zimbudzi kuti ntchentche zichepe. Ngati midzi inaphunzira zimenezo, ingaphunzirenso kuti kabotolo ka m'maso n'ka munthu mmodzi.

Chovuta kwambiri chinali kuwafotokozera agogo. Ndinasankha mawu mosamala kuti asadzione olakwa, poti wolakwa ndinali ine amene ndinamva zonse m'wodi muja. Anakhala chete nthawi yaitali, akusenda kachewere.

"Ndiye mwana wa mnzanga akabwera akulira diso, ndizimuuza kuti ndilibe?"

"Muzimuuza kuti apite kuchipatala, agogo."

"Wapansi?"

Ndinalibe yankho. Funso limenelo ndi lalikulu kuposa ine, ndipo aliyense wofuna kulalikira za ukhondo wa mankhwala kumudzi ayambe waliyankha.

Patapita chaka, diso lawo lachiwiri linachitidwa opaleshoni. Ulendo uno deti ndinalizunguliza pa kalendala ya ku mpingo imene ili pakhoma. Masiku 28 atakwana ndinatenga kabotolo, mankhwala akadalimo pansi, n'kupita nako kuchimbudzi. Agogo ananditsatira ndi maso awo awiri atsopano.

"Ndalama zikupita m'dzenje," anatero.

Pa anesi aja sanasinthe maganizo, mpaka lero amati anali oumira. Koma mwezi wathawu mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi mwana wotupa diso kudzapempha kadontho. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale, ndikumva zonse. Agogo analowa m'nyumba, ndipo ndinamva chivindikiro cha chitini chija chikutseguka. Mtima unandithamanga. Anatuluka ndi ndalama za kachewere zokulunga pa kansalu, n'kutuma mwana kuti akaitane msuweni wanga ndi njinga yake.

Iye anafika akuliza hutala. Atandiona anatsinzina diso lija, kaya dala kaya ayi.

"Adokotala, muli bwanji? Lero simuthira?"

Chisuweni sichikwiyitsa, ndiye ndinaseka nawo. Mayi uja anakwera ndi mwana wake, njinga n'kutsetsereka kulowera kumsewu.

Agogo anapeza njira yawo yopatsira. Ine, amene ndikudziwa zonsezi, sabata yatha ndinakhala chete mu minibasi kuopa kuoneka wodzimva. Ulendo wina ndidzalankhula. Anditche woumira ngati akufuna.